Mmene anthu a m'mbali mwa nyanja ino adasandukira fuko la Malawi



Tikafunsa wophunzira wa Fomu 2 kuti dziko la Malawi lidayamba liti, yankho limabwera msanga: pa 6 Julaye 1964. Tikafunsa za dziko la America, amene amakonda kuwerenga anena kuti pa 4 Julaye 1776. Pa mayeso mayankho onsewa achongedwa. Komabe tsiku lokweza mbendera limangotiuza pamene boma lidabadwa. Kuti anthu a zinenero zosiyana, zipembedzo zosiyana, ena mwa iwo adani akale, afike povomera kuti ndi fuko limodzi, pamatenga zaka mazanamazana. M'nkhani ino tikufuna tione mmene zimenezi zidachitikira kwa ife, ndipo sitipita kutali, chifukwa mbali yaikulu ya mbiriyi idadutsa pa Nkhotakota pomwe pano.

Tiyambe taona za anzathu a ku America

Tiyambe ndi America mwachidule, popeza munthu amaona bwino nkhope yake akayang'ana pagalasi. Dziko limenelo lidali ndi eni ake, mitundu monga Powhatan, Cherokee ndi Iroquois. Angerezi adamanga mudzi wawo woyamba wokhazikika ku Jamestown, m'dera la Virginia, mu 1607. Mu 1619 ngalawa ina idatsitsa kumeneko anthu pafupifupi 20 ogwidwa ku Angola, ndipo ukapolo udakula kuchokera apo. Patapita zaka zoposa 100, madera a Angerezi m'mbali mwa nyanja ya Atlantic adakwana 13. Dera lililonse lidali ndi bwanamkubwa wake ndi malamulo ake, ndipo munthu wa ku Virginia sankadziona ngati mbale wa munthu wa ku Massachusetts.

Chidawasonkhanitsa ndi dandaulo limodzi. Kuyambira mu 1765 nyumba ya malamulo ya ku London idayamba kuwaikira misonkho yatsopano, pamene iwo adalibe owayankhulira m'nyumbayo. Nkhondo idabuka mu 1775, adalengeza ufulu wawo mu 1776, nkhondo idatha mu 1783, ndipo malamulo oyendetsera dziko adalembedwa mu 1787. Koma kalembera woyamba wa mu 1790 adapeza akapolo pafupifupi 700,000 m'dziko lomwe linkadzitama ndi ufulu. Ena mwa akapolo a ku America adali Asilamu ophunzira ochokera kumadzulo kwa Africa, monga Omar ibn Said wa ku Futa Toro, ku Senegal, amene adalemba mbiri ya moyo wake m'Chiarabu mu 1831 ali kapolo ku North Carolina. Ngongole ya ukapoloyi idalipidwa ndi magazi pa nkhondo yapachiweniweni ya 1861 mpaka 1865, imene idapha anthu oposa 600,000. Eni nthaka aja adapatsidwa unzika onse mu 1924.

Apa tikuonapo zinthu zitatu. Fuko limapangidwa ndi anthu amene adafika pa nthawi zosiyana. Kawirikawiri chimawagwirizanitsa ndi vuto limene onse akulimva. Ndipo mbiri ya fuko imakhala ndi mabala amene sapola pongowaphimba. Zonse zitatuzi tizipezanso kwathu kuno.

Ufumu wa Maravi

Makolo athu amasimba kuti Achewa asanafike, m'dziko muno mudali anthu aafupi msinkhu, alenje, otchedwa Akafula kapena Abatwa. Zithunzi zina zojambulidwa pa matanthwe a ku Chongoni, m'boma la Dedza, ndi ntchito ya manja awo, ndipo bungwe la UNESCO lidaika malowa pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse lapansi mu 2006. Pambuyo pawo padabwera alimi odziwa kusula chitsulo ndi kuumba mbiya. Mwa iwo mudali a mfunda wa Banda, amene adali eni mvula ndi akachisi, monga kachisi wa Makewana ku Msinja. Kenako adafika a Phiri, amene mbiri yapakamwa imati adachokera ku Uluwa, m'dziko la Congo, ndipo adabwera ndi ufumu wa Kalonga.

Chochititsa chidwi ndi mmene magulu awiriwa adagawanirana maudindo. Kalonga ankachokera kwa a Phiri, ndipo ufumu unkatsata mzere wa Nyangu, mayi wa banja lachifumu. Koma mkazi wamkulu wa Kalonga, wotchedwa Mwali, ankachokera kwa a Banda. Obwera adatenga mpando, opezeka kale adasunga za nthaka ndi mvula, ndipo ukwati udamanga mfundo. Likulu lidali ku Mankhamba, cha ku Mtakataka. Kuchokera kumeneko Undi adalowera kumadzulo, kudera limene lero ndi malire a Tete ndi Zambia, Lundu adalamulira chigwa cha Shire, ndipo mafumu ena, monga Kanyenda, adakhazikika kuno kugombe la kumadzulo kwa nyanja.

Ufumuwu udali wodziwika ngakhale kwa alendo. Mpwitikizi wina, Gaspar Bocarro, adayenda ulendo wa pamtunda kuchokera ku Tete mpaka ku Kilwa mu 1616, ndipo adalemba za mfumu yamphamvu yotchedwa Muzura. Amaravi ankagulitsa minyanga ya njovu, makasu achitsulo ndi nsalu zothonje zoluka okha. Apwitikizi adalemba dzina la anthuwa kuti Maravi, ndipo ndi dzina lomweli limene lidadzabwerera mu 1964. Koma pofika zaka za m'ma 1700 mphamvu za Kalonga zidayamba kuchepa, mafumu ang'onoang'ono nkumachita malonda paokha. Anthu a muzu umodzi adayamba kudziwika ndi malo amene ankakhala: Anyanja kunyanja, Achipeta kuchipeta, Amang'anja kuchigwa cha Shire, Achewa kumtunda ndi kugombe kuno.

Nthawi ya Ajumbe

Zaka za m'ma 1800 zidasintha nkhope ya dziko lino kuposa nthawi ina iliyonse. Angoni a Zwangendaba adawoloka Zambezi mu Novembala 1835, tsiku limene kadamsana adagwira dzuwa. Gulu lina, Angoni a Maseko, lidadzakhazikika ku Dedza ndi ku Ntcheu. Ayao adatsika kuchokera ku mapiri a kumpoto kwa Mozambique, dera limene lero ndi Niassa, nakhazikika kumwera kwa nyanja ndi ku mapiri a Shire. Ndipo cha m'ma 1840 kuno kudafika wamalonda wa Chiswahili, Salim bin Abdallah, amene adapempha malo kwa mfumu Malengachanzi.

Adasankha pano chifukwa cha doko. Mchenga wotalika umene umatchinga gombe lathu umapatsa ngalawa pobisala mwera ukakalipa. Salim bin Abdallah adatenga dzina laulemu la Jumbe, adakhoma madau, ngalawa zamatanga zija, ndipo adayamba kuwolotsa katundu kupita kutsidya, kumene amtengatenga ankapitiriza ulendo wapansi wa miyezi mpaka ku Kilwa. Ajumbe ankakweza mbendera ya Sultan wa ku Zanzibar. Adabweretsa ulimi wa mpunga umene mpaka lero umadyetsa boma lino, mitengo ya kokonati, luso lokhoma ngalawa, kulemba makalata m'Chiswahili pogwiritsa ntchito zilembo za Chiarabu, ndiponso Chisilamu. Angoni atayamba kuthira nkhondo midzi ya kumtunda, Achewa ambiri adathawira ku Linga kukabisala pansi pa mfuti za Jumbe. Mudzi udakula nkukhala umodzi mwa midzi ikuluikulu ya m'chigawo chino cha Africa. Aswahili adakwatira akazi Achichewa, ndipo ana awo adakula akuyankhula Chichewa, akupemphera mumzikiti. Ambiri mwa ife ndife zidzukulu za maukwati amenewo.

Koma akuluakulu adati chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Katundu wa madau aja adali wa mitundu iwiri, minyanga ya njovu ndi anthu. Amuna, akazi ndi ana ogwidwa kumtunda, ena ochokera kutali ku Luangwa, ankasungidwa pano kudikira mphepo yabwino yowolokera. David Livingstone adadutsa pagombe lino mu 1861 ndipo adabweranso mu 1863, pamene adaona dau likukhomedwa. Mkuyu umene umatchulidwa dzina lake ulipobe pafupi ndi chipatala cha St Anne's. Iye adalemba zimene adauzidwa ndi Colonel Rigby, kazembe wa Britain ku Zanzibar, kuti akapolo 19,000 ochokera kudera la nyanja ino ankadutsa pa ofesi ya msonkho ya pachilumbacho chaka chilichonse. Chiwerengerochi sichiphatikiza amene adafera panjira. Chaka chomwecho cha 1863 ndi chimene Abraham Lincoln adalengeza kumasulidwa kwa akapolo m'madera oukira boma ku America. Bala lidali limodzi, mbali ziwiri za dziko lapansi.

Ife Asilamu a pa Nkhotakota sitiyenera kuizemba nkhaniyi. Amene adabweretsa Chisilamu pagombe pano ndi omwewonso amene adachita malonda ogulitsa anthu. Kusaka ndi kugulitsa mfulu ndi tchimo lalikulu m'chiphunzitso cha Chisilamu, ndipo kumasula kapolo ndi imodzi mwa ntchito zotamandika, choncho zimene adachitazo chidali chilakolako cha chuma. Ndi zoonanso kuti sadali okha: mafumu ena Achichewa ndi Achiyao ankagulitsa anthu posinthana ndi nsalu, mikanda ndi mfuti, Angoni ankagwira anthu pankhondo, ndipo Apwitikizi ankachita zomwezo ku Zambezi. Tikunena izi kuti wina asaloze mnzake chala. M'kalasi imodzi ya pasukulu pano mungathe kukhala mdzukulu wa wogulitsa ndi mdzukulu wa wogulitsidwa, ndipo nthawi zambiri magazi onse awiri ali mwa munthu mmodzi.

Malire adalembedwa ku Ulaya

Mu 1889 Harry Johnston adafika kuno ndipo adapangana pangano ndi Jumbe wachitatu, Tawakali Sudi, wodziwikanso kuti Mwinyi Kisutu. Jumbe adavomera chitetezo cha Britain posinthana ndi ndalama za chaka ndi chaka. Iye adamwalira mu 1894, ndipo amene adalowa m'malo mwake sadakhalitse: Angerezi adamuchotsa nkumutumiza ku Zanzibar. Pofika 1895 ujumbe udali utatha, ndipo kumapeto kwa chaka chomwecho Mlozi adagonjetsedwa ndi kupachikidwa ku Karonga. Amishoni a UMCA adatsegula mishoni yawo pano mu 1894, ndipo Bishopu Chauncy Maples, amene adamira m'nyanja mu 1895, adaikidwa m'manda pa Nkhotakota. Kuyambira nthawi imeneyo mzikiti ndi tchalitchi zakhala moyandikana m'tauni muno.

Mapu a dziko limene timalitcha Malawi sadajambulidwe ndi makolo athu. Adachokera m'mapangano a Britain ndi Germany mu 1890, ndi a Britain ndi Portugal mu 1891. Chaka cha 1891 Britain idalengeza kuti dera lino lili pansi pa chitetezo chake. Mu 1893 lidatchedwa British Central Africa, ndipo mu 1907 Nyasaland. Boma lathu lino azungu ankalitcha Marimba, likulu lake nkumalilemba Kota Kota. Mizere ya pamapuyo idadula mitundu pakati. Ndi chifukwa chake Kalonga Gawa Undi amakhala ku Mkaika, m'boma la Katete ku Zambia, ndipo Achewa a maiko atatu amapita kumeneko mwezi wa Ogasiti ku mwambo wa Kulamba. Ayao adagawika pakati pa Malawi, Mozambique ndi Tanzania. Mizere yomweyo idatsekera m'khola limodzi Angonde a ku Karonga, Atumbuka, Atonga, Achewa, Angoni, Ayao ndi Asena, anthu amene ena mwa iwo adali asanamvepo za anzawo. Alomwe adalowa mwaunyinji kuchokera ku Mozambique cha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, nkukagwira ntchito m'minda ya azungu ku Thyolo ndi ku Mulanje.

Chidatigwirizanitsa nchiyani?

Monga zidalili ku America, choyamba chidali vuto limodzi. Msonkho wa nyumba unkagwera aliyense, Mtonga ndi Msena yemwe. Kumwera anthu okhala m'minda ya azungu ankagwira thangata. Nyumba ya malamulo idakhazikitsidwa ku Zomba mu 1907, koma munthu wakuda woyamba adalowamo mu 1949; zaka zonsezo anthu ankakhoma msonkho popanda wowayankhulira wa mtundu wawo. Pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918 amuna zikwizikwi adatengedwa kukhala asilikali ndi amtengatenga.

Mbusa John Chilembwe ndiye amalumikiza mbiri yathu ndi ya America mwachindunji. Adapita kumeneko mu 1897 ndi Joseph Booth, adaphunzira ku Lynchburg m'dera la Virginia pakati pa anthu akuda amene makolo awo adali akapolo, ndipo adabwerera mu 1900 kudzayambitsa Providence Industrial Mission ku Mbombwe, m'boma la Chiradzulu. Kuukira kwake kwa pa 23 Januwale 1915 kudazimitsidwa m'masiku ochepa ndipo iye adaphedwa pa 3 Febuluwale. Chofunika kuzindikira ndi chakuti omutsatira adali a mitundu yosiyanasiyana, Ayao, Alomwe, Amang'anja ndi Angoni, ndipo dandaulo lawo lidali la anthu akuda onse a m'dziko muno.

Chachiwiri chidali ulendo. Msonkho unkafuna ndalama, ndipo ndalama zidali ku migodi ndi ku mafamu a ku Salisbury, Bulawayo ndi Johannesburg. Kumeneko palibe amene ankafunsa ngati munthu ndi wa kwa Malengachanzi kapena wa kwa Kyungu. Onse ankatchedwa Anyasa. Ankagona m'komboni imodzi, kuikana maliro, kutumizirana makalata akumudzi. Ambiri adazindikira kuti ndi anthu a dziko limodzi ali kunja kwa dzikolo. Mmodzi mwa iwo, Clements Kadalie wa ku Nkhata Bay, adayambitsa bungwe lalikulu la apantchito ku Cape Town mu 1919.

Chachitatu chidali sukulu. Aphunzitsi, makalaliki ndi abusa ophunzira ku mishoni adayamba mabungwe odandaulira boma, loyamba lidali North Nyasa Native Association mu 1912. Mabungwe a m'maboma adaphatikizana mu 1944 nkukhala Nyasaland African Congress, Levi Mumba ali pulezidenti, James Frederick Sangala ali mmodzi mwa oyambitsa. Pa mfundo iyi ife tidatsalira. Pafupifupi sukulu zonse za nthawi ya atsamunda zidali za mishoni, ndipo makolo ambiri Achisilamu ankaopa kutumizako ana kuti angasinthidwe chipembedzo. Ana ankaphunzira kumadrasa, koma Chingerezi ndi masamu a muofesi sankazipeza. Zotsatira zake, Asilamu adali ochepa pakati pa anthu olemba makalata ku boma ndi otsogolera misonkhano. Wophunzira aliyense wa pasukulu ino adziwe kuti mpando umene akukhalapo ndi umene agogo ake adausowa.

Msonkhano wa pa Nkhotakota

Chimene chidayatsa moto m'dziko lonse ndi Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chimene chidakhazikitsidwa mu 1953 anthu akukana. Machona adali ataona ndi maso awo tsankho la ku Southern Rhodesia, ndipo sadafune kuti lifike kwawo. Mu 1956 achinyamata monga Henry Masauko Chipembere ndi Kanyama Chiume adalowa m'nyumba ya malamulo. Chipembere adabadwira ku Kayoyo, ku Ntchisi, dera limene nthawi imeneyo lidali mbali ya boma la Kota Kota. Iwo ndi anzawo adaitana Dr Hastings Kamuzu Banda, amenenso adaphunzira ku America, ku Wilberforce, ku Chicago ndi ku Meharry Medical College. Adatera pa Chileka pa 6 Julaye 1958.

Pa 3 Malichi 1959 boma la atsamunda lidalengeza lamulo la nthawi ya chipwirikiti, lidaletsa Congress ndi kumanga atsogoleri ake. Anthu oposa 50 adaphedwa, ambiri mwa iwo padoko la Nkhata Bay, ndipo ndi amene timawakumbukira pa tsiku la anthu ofera dziko. Orton Chirwa ndi Aleke Banda adayambitsa Malawi Congress Party chaka chomwecho, ndipo apa dzina lakale la Maravi lidalowa m'ndale. Dr Banda adatulutsidwa m'ndende ya Gwelo pa 1 Epulo 1960.

Kumapeto kwa Sepitembala 1960 chipanichi chidachita msonkhano wake waukulu pa Nkhotakota. Nthumwi zidabwera kuchokera m'zigawo zonse zitatu, ndipo Chipembere ndi abale awiri, Dunduzu ndi Yatuta Chisiza, amene adali atangotulutsidwa m'ndende, adaonetsedwa kwa khamu la anthu. Pagombe pomwe anthu ankakwezedwa m'madau atamangidwa, zidzukulu zawo zidasonkhana kukambirana za dziko lawo. Koma msonkhano womwewo ndi umene udapatsa Dr Banda upulezidenti wa chipani wa moyo wake wonse. Mbewu ya ufulu ndi mbewu ya ulamuliro wa munthu mmodzi zidadzalidwa m'phando limodzi.

Zonse ziwiri zidamera. Chisankho cha Ogasiti 1961 chidapatsa chipanichi mphamvu, Chitaganya chidatha pa 31 Disembala 1963, ndipo ufulu udabwera pa 6 Julaye 1964. Pasanathe miyezi itatu nduna zidasemphana ndi Dr Banda, ndipo Chipembere, Chiume, Orton Chirwa ndi Yatuta Chisiza adachoka m'boma. Pambuyo pake onse adathawira kunja. Mu 1966 dziko lidakhala la chipani chimodzi, mu 1968 Chichewa chidasankhidwa kukhala chinenero cha fuko, zimene zidathandiza kumvana koma zidawawa abale athu a kumpoto pamene Chitumbuka chidachotsedwa pawailesi ndi m'sukulu, ndipo mu 1971 Dr Banda adakhala pulezidenti wa dziko wamuyaya. Amalawi adakonza zimenezi ndi voti pa riferendamu ya pa 14 Juni 1993. Pa chisankho cha pa 17 Meyi 1994 dziko limene anthu ake ambiri ndi Akhristu lidasankha Msilamu, Bakili Muluzi, kukhala mtsogoleri wake, popanda nkhondo.

Zimene zikutikhudza lero

Kalembera wa 2018 adapeza anthu oposa 17.5 miliyoni m'dziko muno. Palibe mtundu umene uli ndi theka la chiwerengerochi; Achewa, amene ndi ochuluka, ndi pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu aliwonse. Asilamu tilipo pafupifupi 14 mwa anthu 100 aliwonse. Choncho palibe gulu limene lingayendetse Malawi lokha, ndipo mwambi wa mutu umodzi susenza denga ndi masamu enieni a dziko lino.

Nthawi ya kampeni ikafika, mudzamva ena akunena kuti uyu ndi wakwathu, uyo ndi wobwera. Mukamva mawu amenewo, kumbukirani ndondomeko ya mbiri imene taonayi. A Banda adapeza Akafula. A Phiri adapeza a Banda. Angoni, Ayao ndi Aswahili adapeza Achewa, ndipo Alomwe adapeza onsewo. Aliyense wa ife ali ndi kholo limene tsiku lina lidafika ndi katundu pamutu nkupempha malo. Umalawi wathu sudachokere m'magazi amodzi. Udamangidwa ndi anthu amene adakhoma msonkho umodzi, adagona m'komboni imodzi, adamangidwa m'ndende imodzi, nkusankha kutenga dzina limodzi. Chinthu chomangidwa ndi anthu chimatha kugumulidwanso ndi anthu ngati sichisamalidwa.

Tikupempha ophunzira a kalabu ya mbiri, ndi ena onse ofuna, kuti patchuthi chikubwerachi achite ntchito imodzi. Khalani pansi ndi agogo anu, muwafunse mfunda wawo, kumene makolo awo adachokera, amene adapita ku Joni kapena ku Salisbury, ndi zimene adamva za msonkhano wa 1960. Lembani m'kope mayina, malo ndi zaka monga momwe akuuzirani, ndipo musachotsemo zowawa. Mukabwerera tidzaika makopewo pamodzi m'laibulale ya sukulu, kuti amene akubwera m'mbuyo mwanu adzapeze mbiri ya Nkhotakota yolembedwa ndi ana a pa Nkhotakota.